ZA KUBUSA NDI KUMUNDA: Si Chitsamba Chilichonse Chotuwa Chimene Chili Imphepho

Ikafika miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, dera la Silobela limasanduka lotuwa. Udzu umene ziweto zinkadya m'dzinja umakhala utatha, mapesi a chimanga atadyedwa kale, ndipo m'mbali mwa msewu wochokera ku Kwekwe kulowera ku Nkayi mumangooneka fumbi ndi ziputu za msipu. Koma m'minda ya tsala ndi pamalo a mchenga pamene ng'ombe zapondaponda, pamatsala tizitsamba tina totuwa, ta ubweya ngati thonje, timene sitimva chilimwe. Pamene zomera zina zauma, ito m'pamene timachita maluwa. Mbuzi ndi nkhosa zikatuluka m'khola m'mawa zimathamangira pomwepo, ndipo mbusa amathokoza kuti ziweto zake zapeza polumako.

Nthawi zambiri mbusayo sakhala atalakwa. Tizitsamba totuwa tambiri tilibe vuto, ndipo tina ndi mankhwala amene makolo akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Koma pakati pa ito pali kamodzi kamene akatswiri a ziweto kum'mwera kwa Africa anatsimikiza kuti kangachititse khungu nkhosa ndi mbuzi, khungu lake losachizika. Vuto n'lakuti kwa munthu wongodutsa, tonse timaoneka tofanana.

Dzina lochokera kutali

Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi mafoni ojambula, ndipo pali mapulogalamu amene munthu akajambula chomera amamuuza dzina lake. Mapulogalamu amenewa anazolowera kwambiri zithunzi za zomera za ku Ulaya ndi ku America. Choncho akaonetsedwa kachitsamba kotuwa, koyanga pansi, ka timitu toyera mofiirira, n'zotheka kuyankha kuti ndi pussytoes, dzina lachingerezi lotanthauza zala za mphaka. Wofunsayo akawerenga za chomera chimenecho apeza kuti anthu a ku Ulaya ankachimwa ngati tiyi wa chifuwa, ndipo mtima ukhala pansi. Apa m'pamene pali ngozi, chifukwa pussytoes samera m'tchire la Silobela, ngakhalenso kwina kulikonse kuno kum'mwera kwa Africa.

Zomera zotchedwa pussytoes akatswiri amazitcha Antennaria. Zilipo mitundu yoposa 40, yambiri mwa iyo ku North America, ndipo ina ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, kumadera ozizira. Zimamera moyandikana ngati mphasa, nthambi zake zikuyala mizu yatsopano paliponse pamene zakhudza nthaka, kenako zimaimika kaphesi kamene pamwamba pake pamakhala timitu tingapo tofewa tounjikana, tooneka ngati phazi la mphaka. Chodabwitsa chake n'chakuti chomera chachimuna ndi chachikazi zimakhala zosiyana, monga momwe zilili ndi papaya. Mitundu ina yambiri imabereka mbewu popanda mungu n'komwe, ndipo izi zimachititsa kuti pakhale timagulu tambirimbiri tofanana pang'ono koma tosiyana pang'ono. Ngakhale akatswiri a kumeneko amatsutsana pa mayina ake.

Komabe foniyo siphonya kutali kwenikweni. Zomera za Antennaria zili ndi abale awo kuno, ndipo abalewo ndi ochuluka kuposa eni dzinawo. Gulu lalikulu ndi la Helichrysum, dzina lochokera ku mawu achigiriki otanthauza dzuwa ndi golide. Padziko lonse lili ndi mitundu pafupifupi 600, ndipo yoposa 240 imapezeka kum'mwera kwa Africa. Mayi Olive Hilliard, katswiri wa zomera wa ku Natal, anathera zaka zambiri akuisanthula, ndipo ntchito yake yotuluka mu 1983 ndiyo imene ambiri amadalirabe posiyanitsa mitunduyi. Ngati munthu wophunzira chotere anafunika zaka, palibe chamanyazi kuti mlimi kapena mlangizi asokonezeke.

Dzina limodzi, zitsamba zambiri

Ku Silobela, dera limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Kwekwe, anthu ambiri amayankhula Chindebele, ena Chishona, ndipo pakati pawo pali ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi. Ena anabwera kudzera ku Mthandizi, ena anayenda pansi okha. Anakumba golide ku Globe and Phoenix ndi ku Jena, ena anasungunula chitsulo ku Redcliff mpaka ng'anjo za Ziscosteel zinazima mu 2008. Ana awo anakulira m'komboni, osati kubusa. Ntchito zitachepa, ena anapeza timinda, ena akuweta mbuzi zawo, ena akulishya ziweto za eni. Mayina a zitsamba amene agogo awo ankadziwa anatsala ku Dedza, ku Katete kapena ku Angonia, ndipo mayina a kuno amawamva mwa apo ndi apo.

Dzina limene aliyense amalidziwa ndi imphepho. Awa ndi masamba onunkhira amene Amandebele, Azulu ndi Amaxhosa amafukiza ngati lubani poyankhula ndi mizimu ya makolo. Koma imphepho si chomera chimodzi. Dzinali limaperekedwa kwa mitundu ingapo ya Helichrysum yonunkhira, ndipo mlendo akalimva amayamba kuitana nalo chitsamba chilichonse chotuwa. Dzina lakwawo kwa chomera ndi chuma, ndipo mlangizi wanzeru amalilemba nthawi zonse. Koma dzinalo limanena za ntchito ya chomera kwa anthu, silinena ngati mbuzi ingachidye osavulala. Pa funso limenelo pamafunika maso.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zitsamba izi kudekha kumayambira pa duwa. Chimene anthu amachitcha duwa pa zomera za banja limeneli si duwa limodzi. Ndi mutu wa timaluwa tambirimbiri tothinana, monga momwe ulili mutu wa mpendadzuwa kapena wa chisoso, zimene zilinso za banja lomweli. Kunja kwa mutuwo kuli timamba tokutira. Pa chisoso timambato ndi tobiriwira ndi tofewa. Pa Helichrysum ndi abale ake ndi touma, tonyezimira, ndipo munthu akatifikisa ndi zala timalira ngati mankhusu. Sitifota ngakhale chomera chitazulidwa, n'chifukwa chake mitundu ina amaigulitsa m'matauni ngati maluwa okongoletsera nyumba. Maonekedwe a timamba timeneti, pamodzi ndi kukula kwa mutu ndi kaunjikidwe kake, ndizo zimasiyanitsa mitundu kuposa ubweya wa masamba. Ubweya uli pa yonse.

Kamutu ka siliva

Chitsamba chofunika kuchidziwa kuposa zonse ndi Helichrysum argyrosphaerum. Dzinali anachipatsa Augustin de Candolle wa ku Geneva mu 1838, ndipo mbali yake yachiwiri imatanthauza kampira ka siliva. M'nkhani ino chitchedwa kamutu ka siliva potsata tanthauzo limenelo. Chimamera m'nthaka ya mchenga ku Namibia, Botswana, South Africa, Zimbabwe ndi maiko oyandikana nawo, makamaka m'minda ya tsala, m'mbali mwa misewu ndi pamsipu pamene padyetsedwa mopitirira.

Choyamba kuona n'chakuti sikaima. Kamagona pansi. Nthambi zake zonse zimachokera pamalo amodzi n'kumwazikana mbali zonse ngati masipoko a njinga, ndipo zikakula zimapanga kamphasa kozungulira. Munthu akalowetsa dzanja pansi pake n'kunyamula, kamphasa konse kamadzuka, chifukwa kagwira nthaka ndi muzu umodzi wokha wapakati wolowa pansi. Apa pokha kasiyana kale ndi pussytoes, amene nthambi zake zimamera mizu poyanga. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, otuwa ndi ubweya mbali zonse, opyapyala kutsinde ndi otambalala kunsonga ngati kasupuni, ndipo amamera limodzilimodzi mosinthana mbali za nthambi.

Timitu take ndito timaulula. Timakhala kunsonga kwa nthambi, kawirikawiri kamodzikamodzi, kozunguliridwa ndi masamba, pafupi ndi nthaka. Kukula kwake n'kofanana ndi njere yaikulu ya nzama. Kakadali kosatseguka kamakhala kobulungira, konyezimira ngati siliva wopakidwa utoto wofiirira, ndipo kakatseguka pakati pamaoneka chikasu. Kakamakalamba kufiirira kuja kumazilala n'kutsala kuyera. Ndi kokongola, ndipo ana amakonda kukatola. Nthawi yake ya maluwa ndi kumapeto kwa chisanu ndi m'chilimwe, nthawi yomweyo imene ziweto zili ndi njala.

Mbiri ya ululu wake inadziwika ku Namibia. Kumeneko nkhosa, ndipo mwa apo ndi apo ng'ombe, zimene zinkadya pamsipu wodzaza ndi chitsamba chimenechi zinayamba kuchita khungu ndi kufooka miyendo. Akatswiri a ziweto, motsogozedwa ndi P. A. Basson ndiponso mothandizana ndi a ku Onderstepoort pafupi ndi Pretoria, anadyetsa chitsambacho kwa nkhosa zoyeserera, ndipo atazipima anapeza ubongo ndi mitsempha ya maso zitachita timabowo ngati siponji, chimodzimodzi ndi zija za kubusa. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1975. M'zaka za m'ma 1990 matenda omwewa anapezekanso pa mbuzi. Chimene chimachitika n'chakuti mtsempha wa diso umatupa pamalo pamene umadutsa m'kabowo kopapatiza ka fupa la mutu. Posowa kofutukukira umafinyika n'kufa, ndipo mtsempha ukafa sumeranso.

Koma chilungamo chiyenera kunenedwa, chifukwa mantha opitirira amawononganso. Chitsamba chimenechi sichivulaza nthawi zonse. Ziweto zimachikonda, ndipo m'madera ouma alimi ambiri amachiwerengera ngati chakudya cha m'chilimwe. Vuto limabwera pamene chachuluka kwambiri moti chiweto chikudya icho chokha tsiku ndi tsiku. Mbuzi imene yalumako pang'ono podutsa, kenako n'kukadya masamba a mitengo ndi nyemba za mthethe, ili pabwino kusiyana ndi nkhosa imene yatsekeredwa pa tsala lodzaza ndi kamutu ka siliva kwa milungu ingapo. Ndipo tsala lotere limachuluka pambuyo pa chilala. Chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene boma la Zimbabwe linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Epulo 2024, chinasiya malo ambiri opanda udzu, ndipo nthaka yambulanda ndiyo imene zitsamba zomera ndi mbewu chaka ndi chaka zimaikonda.

Abale ake oima

Zitsamba zina zotuwa n'zosavuta kuzisiyanitsa ngati munthu wayamba wafunsa kuti, kodi chagona kapena chaima?

Chofala kwambiri pamsipu wa mchenga ndi Helichrysum kraussii. Ichi ndi chitsamba chenicheni, cha tsinde lolimba ndi nthambi zambiri zoima, chofika m'maondo kapena m'chiuno. Masamba ake ndi opyapyala ngati singano, m'mphepete mwake mopindikira pansi, ndipo akafikisidwa amatulutsa fungo lamphamvu longa la zokometsera ndiwo za amwenye. Timitu take n'tating'ono ngati njere za mpunga, tachikasu chotumbuluka, tounjikana tambirimbiri kunsonga. Ng'ombe sizichidya, ndiye chifukwa chake chimachuluka: udzu ukamadyedwa mosalekeza icho chimatsala n'kutenga malo. Woyenda pamsipu akaona chitsamba chimenechi chitadzaza kufikira kumene maso alekeza, asafunse za ululu. Afunse kuti msipuwo unapumulako liti.

Kudimba, m'mphepete mwa mtsinje wa Gweru ndi m'ngalande za ulimi wothirira monga wa ku Exchange, mumamera china choyera ndi ubweya kuyambira pansi mpaka pamwamba. Carl Linnaeus anachitcha Gnaphalium luteoalbum mu 1753, ndipo mabuku ambiri a masiku ano amachilemba Pseudognaphalium luteoalbum. Chimaima chowongoka, chofewa, kawirikawiri chosapitirira m'maondo. Masamba ake ndi ataliatali, opindikapindika m'mphepete. Timitu take timathinana pamwamba penipeni pa phesi ngati chibakera, popanda masamba pakati pake, ndipo timamba take n'tonyezimira ngati udzu wouma. Pa zonse za kuno, ichi ndicho chimafanana kwambiri ndi zithunzi za phazi la mphaka. Chimakonda chinyezi, ndipo chimenecho chokha chimachilekanitsa ndi kamutu ka siliva, kamene kamafuna mchenga wouma. Kwa mlimi wa kudimba ndi udzu wongofunika kupalira.

Nanga imphepho yeniyeni? Mtundu wodziwika kwambiri ndi Helichrysum odoratissimum, umene umakonda malo okwera ndi ozizira monga mapiri a Nyanga, ndipo ku Malawi umapezeka kumapiri monga a Zomba ndi Nyika. Chizindikiro chake chili pa phesi: tsamba lililonse limapitirira kutsika m'mbali mwa phesilo ngati kampheto, moti munthu akaligwira amamva kuti lili ndi timapiko. Timitu take n'tating'ono kwambiri, tachikasu chowala, tounjikana mopanga kambale. Fungo lake ndi lokoma ndipo limakhalitsa ngakhale masamba atauma. Chitsamba chogona pansi cha timitu tofiirira si ichi, ngakhale wogulitsa atalumbira.

Achinyengo awiri

Pali zomera ziwiri zogona pansi zimene zimasokoneza anthu kuposa abale onse a kamutu ka siliva. Choyamba ndi Gomphrena celosioides, chochokera ku South America, chimene chadzaza m'mbali mwa misewu, m'mabwalo a sukulu ndi pamalo okwerera mabasi monga pa Crossroads. Nachonso chimayanga kuchokera pa muzu umodzi ndipo chili ndi timitu toyera touma. Koma masamba ake ndi obiriwira, ndipo amamera awiriawiri mopenyana pa mfundo iliyonse. Timitu take timatalika tikamakula, ndipo tilibe chikasu pakati. Si cha banja la mpendadzuwa n'komwe, ndi mbale wa bonongwe. Chimadziwika kuti chimadzandiritsa akavalo akachidya chambiri.

Chachiwiri ndi Dicoma anomala, chimene Ashona amachitcha chifumuro ndipo ku Malawi chimadziwika kuti palibekanthu. Muzu wake wowawa ndi mankhwala otchuka a m'mimba. Masamba ake ndi opyapyala, obiriwira pamwamba ndi oyera kunsi, ndipo pansi pa nthaka pali chitsa cholimba chokhalitsa zaka. Kuchisiyanitsa n'kosavuta: munthu angogwira mutu wake. Timamba take n'tosongoka ndipo timabaya. Ta kamutu ka siliva sitibaya.

Chiweto chikachita khungu

Kudziwa chitsamba ndi theka la ntchito. Theka lina ndi kusafulumira kuchiimba mlandu, pakuti khungu la ziweto lili ndi magwero ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi ochizika ngati munthu wachita changu.

Chiweto chimene chavulazidwa ndi kamutu ka siliva chimakhala ndi maso oyera bwino, opanda misozi kapena manthongo. Chimagunda mitengo ndi mipanda, chimatsalira m'mbuyo mwa zinzake, chimayenda chitakweza mutu, ndipo china chimadzandira kapena kulephera kudzuka. Mwanadiso amakhala wotambasuka, ndipo ngakhale aunikidwe ndi tochi sachepa. Munthu akaopseza diso ndi dzanja, mosamala kuti mphepo ya dzanjalo isalikhudze, chiwetocho sichiphethira. Pa nkhosa zina ng'ala imabwera pambuyo pa miyezi iwiri kapena itatu.

Ngati diso likutuluka misozi, lafiira, lachita mtambo, ndipo chiweto chikulitsinzina padzuwa, ameneyo ndi matenda a maso ofalitsidwa ndi ntchentche ndi fumbi, ndipo mankhwala ake alipo. Ngati thupi latentha kupitirira madigiri 40, maganizo apite kwa nkhupakupa. Matenda a heartwater amachititsa chiweto kuyenda mozungulira ndi kuphupha, ndipo aja a ku Zimbabwe amawatcha January disease, amene apha ng'ombe zochuluka kuyambira mu 2017, nawonso amatha kuchititsa mtambo m'maso. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi n'kotsika mtengo kuposa mbuzi, ndipo gulu lililonse la alimi a pa dibi limodzi lingathe kukhala nako.

Magwero ena awiri ali m'manja mwa anthu eni. Loyamba ndi mankhwala a njoka za m'mimba ndi za m'chiwindi, aja ali ndi closantel kapena rafoxanide. Akaperekedwa opitirira muyeso amawononga mitsempha ya maso mofanana kwambiri ndi chitsamba chija, moti ngakhale wopima amafunika kufunsa mbiri ya chiwetocho kuti asiyanitse. Izi zimachitika mosavuta m'chilimwe, pamene mbuzi zaonda koma mwini wake akuyeza kulemera kwake ndi maso, kapena pamene kamwana kapatsidwa muyeso wa mayi wake. Lachiwiri ndi mtovu. M'dera la migodi ngati Silobela, mabatire akale a galimoto ndi a magetsi a dzuwa amatayidwa kuseri kwa nyumba ndi pafupi ndi maenje a golide. Ana a ng'ombe amakonda kuwanyambita, ndipo mtovu umawachititsa khungu, kukukuta mano ndi kukomoka. Mlangizi amene wafika pakhomo pamene pali chiweto chakhungu ayambe wafunsa mwaulemu kuti, “Bambo, ziwetozi munazimwetsa mankhwala liti, ndipo botolo lake lili kuti?” Kenako azungulire kuseri kwa nyumba. Akatero m'pamene apite ndi mbusa kukaona kumene ziweto zakhala zikudya.

Kumeneko kubusa m'pofunikanso kukumbukira kuti chitsamba choopsa kwambiri cha m'chilimwe si chotuwa ayi. M'mchenga wa gusu wa kumadzulo kwa Zimbabwe, monga ku Lupane ndi Tsholotsho, mumamera umkhawuzane, kapena kuti Dichapetalum cymosum, umene umaphuka masamba obiriwira mvula isanagwe ndipo umapha ng'ombe mwadzidzidzi poimitsa mtima. Umenewo sudikira kuchititsa khungu. Nkhani yake ndi yofunika danga lakelake.

Chochita

Ululu wa kamutu ka siliva ulibe mankhwala, choncho chithandizo chonse chili pa kadyetsedwe. Chiweto chimodzi chikaonetsa zizindikiro, gulu lonse lichotsedwe pamalopo tsiku lomwelo. Ziweto zanjala zisatulutsidwe m'khola n'kulunjika pa tsala lodzaza ndi chitsambachi. Ziyambe zalumako mapesi, masangwi a mtedza kapena udzu wosungidwa, ndipo mbusa azizisinthira malo. Chiweto chakhungu chisungidwe m'khola kapena m'kampanda, madzi ndi chakudya zikuikidwa pamalo amodzi tsiku lililonse. Chikazolowera chimadya ndi kunenepa, koma chikasiyidwa kutchire chimagwera m'maenje a migodi kapena kugwidwa ndi nkhandwe.

Pafupi ndi khola kapena pa kamunda kakang'ono, kuzula kumathandiza, makamaka timitu tisanakhwime n'kuuluza mbewu. Koma kuzula msipu wonse wa mudzi n'kutaya mphamvu. Chitsambachi chimabwera chifukwa nthaka yavulidwa, ndipo chimachepa udzu ukabwerera. Imeneyi ndi nkhani ya mafumu, makomiti a msipu ndi khonsolo ya Zibagwe: kugwirizana malo opumitsa m'dzinja, kuletsa moto wolusa, ndi kusunga mapesi pa tsanja m'malo mowasiya m'munda. Pano pali chodandaulitsa. Misonkhano yambiri ya pa dibi imathera pa ndalama za mankhwala, ndipo si kawirikawiri kuti wina atenge mphindi khumi kuonetsa anthu chitsamba chenicheni chili m'manja. Chithunzi cha papepala sichilowa m'mutu ngati chinthu chimene munthu wachigwira ndi kuchinunkhiza.

Pamene pali chikayiko, chitsanzo chitumizidwe kwa odziwa. Ku Harare kuli National Herbarium and Botanic Garden, kumene kwasungidwa zitsanzo zouma za zomera pafupifupi theka la miliyoni, ndipo ku Malawi ntchito yomweyo imagwiridwa ku Zomba. Njira yake ndi kudzera kwa alangizi a zaulimi kapena a zaziweto. Chitsanzo chabwino ndi chomera chathunthu, muzu, nthambi ndi timitu, osati tsamba lothothola. Chiyalidwe pakati pa nyuzipepala, pamwamba pake paikidwe thabwa ndi mwala, ndipo mapepala asinthidwe tsiku ndi tsiku mpaka chiume. Chikaikidwa m'jumbo chimachita nkhungu pa masiku awiri. Pa kapepala kena palembedwe tsiku, mudzi, mtundu wa nthaka, ngati chinagona kapena kuima, fungo lake, maonekedwe a timitu chikadali chachiwisi, kuchuluka kwake pamalopo, ndi dzina limene akuluakulu a m'mudzimo amachitcha m'chiyankhulo chilichonse. Wojambula ndi foni ajambule chomera chonse, kenako kamutu pafupi, kenako kunsi kwa tsamba, ataika bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Zithunzi zotere zingafanizidwe ndi za pa Flora of Zimbabwe, nkhokwe ya pa intaneti imene Mark Hyde ndi Bart Wursten anayambitsa, ndipo ili ndi zomera zojambulidwa m'dziko lomwelo.

Chiweto chikafa, umboni weniweni umakhala mu ubongo ndi m'maso, ndipo zimenezi zimaonongeka msanga kukatentha. Dokotala wa ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo, ndipo mtembo ukhale pamthunzi, kutali ndi agalu. Koma pasapezeke munthu wong'amba mutu yekha kapena kulowetsa dzanja m'kamwa mwa chiweto chodwalacho. Chiweto chodzandira, chotuluka dovu kapena chosintha khalidwe chingakhale ndi chiwewe, ndipo mpaka a zaziweto atapima, nyama yake isadyedwe kapena kugulitsidwa.